Musamange kompyuta yachitatu musanapeze chimene chikuiwotcha

Bambo, mwafunsa chifukwa chimene kompyuta ya injini ya galimoto yanu yapsera kawiri, ngakhale kuti yachiwiriyo inali yabwinobwino pamene ankaimanga. Kawirikawiri kompyuta imeneyi siipsa yokha. Pamakhala chipangizo china chimene chikuiwotcha, ndipo mukamanga yachitatu musanachipeze, nayonso ipsa.

Yambirani pa alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira. Makaniko ayeze batire ndi multimeter, chida choyezera magetsi: injini ili chozima, batire labwino limaonetsa ma volts pafupifupi 12.6, ndipo ikamalira limaonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Akapitirira 15 pamene mwaponda moto, regulator, imene imaletsa magetsi a alternator kupyola muyeso, yafa, ndipo nthawi zambiri mababu amakhala akupsa pafupipafupi, batire likutentha n'kumanunkha ngati dzira lovunda. Ndikupempheni ndi mtima wonse kuti musalole munthu aliyense kuyesa alternator pozula waya wa batire injini ikulira, chifukwa batire ndi limene limameza magetsi opyola muyeso, ndipo likachotsedwa magetsiwo amakathera mu kompyuta.

Ngati alternator ili bwino, kompyuta yopsayo musaitaye, chifukwa ndi imene ingaloze gwero la vutoli. Munthu wodziwa zamagetsi a galimoto aitsegule, apeze pamene pada ndi kupsa, kenako atsatire njira ya pamenepo mpaka pa pini ya polumikizira mawaya, aone pa chithunzi cha mawaya kuti piniyo imapita kuti. Nthawi zambiri imakafika ku coil (yopereka moto ku mapulagi), ku injector (yothira mafuta mu injini) kapena ku valavu yothandiza kuti injini izilirabe galimoto itaima. Zipangizo zimenezi zimayatsidwa ndi tizipangizo tating'ono ta mkati mwa kompyuta, choncho chimodzi chikachita shoti chimakoka magetsi ambiri mpaka kachipangizo kake kupsa. Akayezedwa ndi multimeter, ma injector ambiri a petulo amaonetsa ma ohms pakati pa 12 ndi 16, ndipo imodzi ikatsika kwambiri kusiyana ndi zinzake, ndiyo yoyenera kuikayikira. Aonenso mawaya osupuka amene akukhudza chitsulo kapena okhudzana ndi waya wa ma volts 5 wopita ku masensa.

Mufunsenso ngati pali fyuzi imene anaimanga ndi waya m'malo mogula ina, ngati mawaya a earth ochoka pa batire kupita ku injini ndi ku bodi ali olimba ndi opanda dzimbiri, komanso ngati galimotoyo inawotchereredwapo batire lili lomangidwa kapena inajampidwa mosemphanitsa mawaya. Kompyuta yatsopano imangidwe pokhapokha zonsezi zitayezedwa ndipo chipangizo cholakwacho chitasinthidwa.