Kodi wachedwa kuyamba kupeka nyimbo?

Mnyamata wina wa ku Bembeke wanditumizira imelo. Ali ndi zaka 19, amaimba besi m'kwaya, ndipo walemba kale nyimbo zisanu za mawu anayi m'solofa. Koma atamva kuti Mozart, katswiri wotchuka wopeka nyimbo, adayamba kupeka ali ndi zaka 5, wataya mtima. Akufunsa ngati sadachedwe.

Mphwanga, sudachedwe ayi. Mozart adakulira m'manja mwa bambo ake, Leopold, katswiri wa vayolini yemwe ankamuphunzitsa tsiku ndi tsiku. Wofanana nawe ndi Joseph Haydn, katswiri winanso wotchuka wopeka nyimbo. Iyeyu adabadwa mu 1732 ku Rohrau, m'dziko la Austria, bambo ake ali mmisiri wa mawilo a ngolo. Adakulira m'kwaya ya anyamata ya tchalitchi chachikulu cha St Stephen ku Vienna, koma mu 1749 mawu ake atasintha, adamuchotsa. Adakakhala m'kachipinda kozizira pansi pa denga, masana akuphunzitsa ana kuti apeze chakudya, usiku akulimbana yekha ndi buku la katswiri wa nyimbo Johann Fux lophunzitsa kuluka mawu m'nyimbo, Gradus ad Parnassum. Adafika potumikira Nicola Porpora, wopeka nyimbo wa ku Italy, ngati wantchito, bola mkuluyo azimuwongolera zolemba zake. Ntchito yopeka nyimbo ndi kutsogolera oimba ku banja lolemera la Esterházy adaipeza mu 1761, ali ndi zaka 29.

Chomwe chidamukhwimitsa kumeneko n'chakuti oimba adali nawo pafupi. Akalemba, ankamva msanga pomwe pakhota. Iwenso uli nawo.

Nyimbo yanga yoyamba ndidailemba ndi choko pa bolodi, m'mawa wina wa June, kuno ku Dedza kukuzizira koti zala kuuma. Titafika pakati, mayi wina wa alito adasiya kuimba nati, "Aphunzitsi, apa pakutikanda kukhosi." Ndidali nditawadumphitsa kuchoka pansi kukafika pamwamba popanda popumira. Mayi wina adandiuzanso kuti liwu lakuti mtengo, m'mene ndidaliikira m'nyimbomo, likumveka ngati la pamsika pomwe ine ndimanena wa m'nkhalango. Chichewa chili ndi kakwera-katsika kake, ndipo nyimbo ikakanyoza, tanthauzo limasochera. Zimenezi Fux sangakuuze.

Ngati mayeso a MSCE udakhoza bwino, funsa za maphunziro a nyimbo ku University of Malawi ku Zomba. Koma pa nyimbo zisanu zija sankhapo yaifupi, uikopere bwino m'mapepala anayi, ndipo Loweruka likubwerali ukaipereke kwa akwayamasita anu. Akamaiimba, iwe usaimbe nawo. Ukakhale kumbuyo ndi pensulo.