Kwa amene mukubwera ku UK kudzaphunzira Literature ndi zolembalemba

Mwana wa achemwali anga wandifunsa pa WhatsApp kuti, "Amalume, ndikufuna Masters ya Creative Writing kumeneko, ndiyambire pati?" Sabata yomweyi ndamvanso za mtsikana wina amene makolo ake anagulitsa munda n'kupereka ndalama kwa ejenti. CAS (nambala yofunika popempha viza) imene anawatumizira inali yabodza, ndipo foni ya mkuluyo sikupezekanso. Ndiye ndati ndiyankhire pagulu, wakutsina khutu ndi mnansi.

Choyamba, ejenti simukumufuna. Fomu ya Masters mumalemba nokha pa webusaiti ya yunivesite, ya digiri yoyamba imadzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu a mayunivesite a kuno. CAS ndi nambala imene imachokera kuyunivesite mukalandiridwa, sigulidwa kwa munthu. Pa gov.uk pali mndandanda wa masukulu ololedwa kutenga ophunzira akunja, ndipo sukulu ikasowa pamenepo musatumize ngakhale tambala. Kulembera Chevening, sikolashipu ya boma la UK, n'kwaulere. Iwo amafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo mukamaliza mubwerere kumudzi kwa zaka zinanso ziwiri. Wina akamati "ndili ndi munthu wanga mkati", ameneyo ndi wakuba basi.

Chachiwiri, ndalama zimayamba kutuluka musanakwere ndege. Kupimitsa TB, chindapusa cha viza, ndalama ya zaumoyo yomwe ndi £776 pachaka ndipo imalipiridwiratu. Masukulu ena amafunanso mayeso a Chingerezi a IELTS ngakhale tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, zimapweteka koma ndi mmene zilili. Ndalama zosonyeza kuti mudzatha kudzisamala ziyenera kugona mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika. Za kusowa kwa forex sindikuuzani, mukuzidziwa kundiposa. Ndipo kuyambira Januwale 2024, wobwera pa Masters ya m'kalasi saloledwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana.

Tsono ichi ndi chimene olemba ambiri sadziwa. Viza ya wophunzira imakulolani ganyu ya maola 20 pasabata sukulu ikamayenda, koma siilola kudzilemba ntchito nokha. Ndiye taganizani, magazini yakonda nthano yanu, ikuti tumizani invoice tikulipireni. Kapena mnzanu akuti mundikonzere buku langa ndikupatseni kenakake. Zimenezo zikhoza kuwerengedwa ngati bizinesi yanuyanu, viza n'kukhala pangozi chifukwa cha ndalama yosakwana n'komwe lendi ya sabata. Yunivesite iliyonse ili ndi ofesi yolangiza ophunzira akunja. Kafunseni kumeneko musanavomere, ndipo yankho likhale la pa imelo, lisakhale lapakamwa.

Za m'kalasi. Maola okumana ndi aphunzitsi ndi ochepa zedi, nthawi yotsalayo ndi inu ndi mabuku. Buku lonse lathunthu pasabata pa phunziro limodzi si zachilendo. Ku Literature musayembekezere manotsi oloweza. Amafuna mutenge ndime imodzi, muisende mawu ndi mawu, munene maganizo anu n'kuwaikira umboni, ngakhale atsutsane ndi a pulofesa. Mukapeza 65 musalire, kuno 70 ndiye distinction ndipo 50 ndi pokhozera Masters. Ntchito yanu imadutsa mu Turnitin, pulogalamu yofufuza ngati mwakopera za ena, ndipo kubwereza zimene munapereka kale kwina osanena amakuwerengeranso ngati kuba. Za AI musayerekeze musanawerenge malamulo a dipatimenti yanu.

Koma workshop, abale anga. Mumatumiza nthano yanu kwa anzanu onse, tsiku lake likafika mumakhala duu, kukamwa kotseka, iwo akuisenga ngati mbuzi ya pa Khirisimasi. Kudzudzulako ndinakuzolowera, kwina kunandithandizadi. Chimene sindinachimeze mpaka lero ndi cha mphunzitsi wina. Ndinalemba nthano ya makalaliki awiri a m'boma okanganirana alawansi ya msonkhano, nthano yoseketsa. Pepala linabwerera lili ndi chizindikiro cha kapu ya khofi pakona, ndipo m'mphepete analemba ndi pensulo kuti sakumva fungo la Africa, mudzi uli kuti? Munthu woti sanapondepo kwathu! Mnzanga wa ku Leeds analemba za agogo ake ndi galu wawo, palibe anamufunsa kuti England ili kuti. Ine amafuna njala, ufiti ndi mwana wosavala. Mphunzitsi yemweyo ndi amene anandiyang'anira dissertation, ya mawu pafupifupi 15,000, ndipo chilimwe chonse amangosuntha masiku okumana, maimelo osayankha, pamene fizi yanga inali yoposa ya ana a konkuno. Ndikakumbukira mtima umawirabe. Inu mukaona zotero musachite ulemu wathu uja wongoti "chabwino bwana". Pitani kwa mkulu wa kosi msanga, muli ndi masiku ndi maimelo m'manja. Ndipo musanasankhe sukulu, werengani mabuku a amene akuphunzitsa pamenepo, muone ngati angamve zimene inu mumalemba.

Chachinayi, kaya ndi chachisanu, osindikiza mabuku olipiritsa. Mukangoyamba kutumiza zolemba, mudzalandira kalata yokoma yoti buku lanu ndi lapamwamba, mungothandizako ndalama zosindikizira. Wosindikiza weniweni amalipira wolemba. Ejenti wa mabuku weniweni amadya gawo lake, kawirikawiri 15 peresenti, bukulo likagulidwa, osati lisanagulidwe. Mpikisano wa Commonwealth Short Story Prize kulowa n'kwaulere. Miles Morland Foundation imapereka £18,000 kwa olemba a mu Africa kuti alembe buku kwa chaka, ndipo sifunsa digiri ya zolembalemba, imafuna zimene munasindikizapo kale.

Anthu amamva kuti kosi ya Creative Writing ya ku University of East Anglia inayamba mu 1970 ndipo inatulutsa olemba otchuka Ian McEwan ndi Kazuo Ishiguro, basi n'kumaganiza kuti pepalalo limabwera ndi wosindikiza. Ayi. Limakupatsani chaka cholemba, anzanu owerenga ntchito yanu, mwina ndi mwayi wokumana ndi maejenti kumapeto. N'chifukwa chake ndimati bwerani pa sikolashipu. Pa ngongole kapena pa munda wa makolo, ine sindingakuvomerezeni. Graduate visa yotsalira mukamaliza ndi ya zaka ziwiri, ndipo kuyambira Januwale 2027 ikutsika kufika miyezi 18. Ikatha pamafunika bwana wokulembani ntchito ya malipiro ofika mlingo wa boma, ndipo ntchito zoyambira m'makampani a mabuku, zambiri zili ku London, malipiro ake ndi otsika pamene lendi ndi yoopsa. Ambiri amene ndimawadziwa a maphunziro athuwa akusamalira okalamba kapena kunyamula makatoni usiku, nthano akulemba pa foni m'basi.