Yambani mwaona mashoko, musathamangire kugula makina ochapira atsopano

Achemwali, mwati makina ochapira a pa loji yanu akumagunda n'kumasuntha akafika pokamula madzi. Funso lanu la sopo akuyankheni ena, ine ndinena za kugundako.

Zimitsani, zulani pulagi, tsegulani chitseko. Kanikizani dilamu pansi ndi manja awiri, kenako muisiye. Ikabwerera n'kuima, mashoko akadali bwino. Ikamangodumphadumpha, atha ntchito. Dilamuyo imalendewera pa masipuling'i, ndipo mashoko ndi amene amaigwira kuti isamenye m'mbali. Muizunguzenso ndi dzanja. Ikamalira ngati chigayo, amenewo ndi mabering'i, zitsulo zimene dilamu imazungulirapo, ndipo ndalama yake ndi ina.

Koma chonde, musalole munthu kukuikirani mashoko a njinga yamoto. Mmisiri wina wa ku Chibavi anatichita zimenezi, akuti shoko ndi shoko basi. Anali olimba kwambiri, moti mphamvu yonse inkathera pa kachitsulo komangirapo shoko. Kanathyoka makina ali mkati mokamula, dilamu n'kupendekera, labala ya pachitseko n'kung'ambika, madzi mbwee m'chipinda monse. Tinalipira kuwotcherera, labala yatsopano, n'kudzagulabe mashoko enieni omwewo.

Masulani shoko yakale mupite nayo m'manja pokagula. Utali ufanane, mabowo afanane, komanso nambala yokhala ndi N yolembedwa pambali, monga 120N, ifanane. Sinthani onse nthawi imodzi, chifukwa yatsopano ikakhala yokha siichedwa kutha. Muno mu Mzuzu mashoko a makina aakulu ndi osowa, ife tinachita kutuma anthu opita ku Dar es Salaam. Imodzi inatidya cha m'ma K60,000, koma mitengo ikungotsatira dola, ndiye onjezeranipo.

Amene akuti muyale matayala akale pansi, kaya anayesapo. Makina amafuna simenti yolimba ndi miyendo yoima mofanana. Ngati anu ndi aja omangidwa pansi ndi mabawuti, alibe mashoko n'komwe, muone mabawutiwo ndi simenti ngati sinasweke.

Muwauzenso atsikana ochapa. Kuzizira kwa Juni kukafika alendo amafuna mabulangete, ndiye ena amangoponyamo limodzi lalikulu lokha. Likamwa madzi limaunjikana mbali imodzi, ndipo ndi limene limapha mashoko. Aziika awiri olemera mofanana, osapanikiza mpaka kukhosi.