Soda ndi mkaka muleke, amuna anuwo akutaya magazi

Achemwali, mwalemba kuti amuna anu akuvutika m'mimba, akuchita chimbudzi chakuda, mukuwapatsa soda, ndipo mukufunsa ngati asiye ntchito kumene akapitawo amawapatsa mapiritsi. Soda wa therereyo mulekeretu lero lomwe, ndipo amene akukuuzani za mkaka m'makomenti umu asakupusitseni. Chimbudzi chakuda ngati phula mwatchulacho ndi magazi, pokhapokha ngati akumwa mapiritsi owonjezera magazi aja, chifukwa nawonso amadetsa. Si chilungulira wamba chimenecho.

Ine ndinkagwira pa boila, chimakina chowiritsa madzi kuti apange nthunzi, pa fakitale ina kuno ku Tete. Inu a ku Ulongue kozizira uko simungamvetse. Mu Okutobala panja pamapitirira madigiri 40, ndiye iwe uli pafupi ndi moto, mapaipi a nthunzi ali pamtunda opanda chokutira. Kutentha kotuluka ndi utsi kumayenera kubwezedwa kuti kuzifunditsa madzi olowa mu boila, malasha azipita ochepa. Chipangizo chake chilipo, amati economizer, ndipo mainjiniya ankachinena, koma abwana yankho lawo linali loti ndalama palibe. Choncho kutentha konseko kunkathera m'chumuni ndi pa matupi athu. Mutu ukayamba kuwawa, kapitawo ankangopisa m'thumba n'kutigawira mapiritsi opha ululu a diclofenac. M'mimba muli gwa ndi njala, nsima mpaka usiku.

Tsiku lake linali la ntchito ya usiku. Ndinayamba kumva chizungulire, thukuta lozizira pamalo otentha chonchija, miyendo kukana. Ndinagwira chitsulo cha masitepe n'kusanza pomwepo, zakuda zosakanikirana ndi magazi, m'kamwa monse kukoma dzimbiri. Kapitawo uja anabwera, kuyang'ana pansi, kuyang'ana ine, amvekere, "Wamwa kachasu iwe, pukuta apa." Ine amene mowa sindiulawa n'komwe! Galimoto ya kampani ili poteropo, makiyi ali m'thumba lomwe lija la mapiritsi. Anandinyamula ndi mnzanga wa ku Moatize pa njinga yake yamoto, atandimangirira kumsana kwake ndi jekete kuti ndisagwe. Powoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel magetsi ndinkawaona awiriawiri, iye akungokuwa dzina langa kuti ndisagone. Kuchipatala dripi, kenako kundithira magazi. Pa malipiro a mwezi umenewo usiku uja anandidula, ati ndinachoka pantchito osatsanzika. Kapitawo ameneyo mpaka lero ndikamuona mumsika ndimakhota.

Adokotala anandiuza kuti zinandikumba chilonda m'chifu ndi ziwiri. Mankhwala opha ululu a mtundu wa diclofenac, ibuprofen ndi aspirin amaperepesa khungu la m'chifu. Chinacho ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori, amene anthu ambirimbiri tili naye osadziwa. Anamutulukira mu 1982 ndi madokotala awiri a ku Perth ku Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall. Anzawo ankawaseka, ati zilonda zam'mimba zimabwera ndi maganizo, mpaka mu 1984 Marshall anachita kumwa yekha mabakiteriyawo n'kudwaladi. Mu 2005 anawapatsa mphoto ya Nobel. Ife kuno tikadali pa mkaka! Mkaka umaziziritsa kanthawi chabe, kenako chifu chimatulutsa asidi wina.

Akamupeza bakiteriyayo, poyeza chimbudzi kapena polowetsa kapaipi ka kamera kukhosi, amapereka omeprazole, wochepetsa asidi m'chifu, pamodzi ndi maantibayotiki awiri, kawirikawiri amoxicillin ndi clarithromycin, kwa masiku 14. M'kamwa mumawawa nawo koma amalize onse, asasiyire panjira poti ayamba kupeza bwino.

Za kusiya ntchito mwafunsazo, ayi, asasiye. Ntchito ku Tete ndi zosowa, ine ndemwe ndinabwerera pa boila pomwe paja. Akapitawo asakangane nawo, akawapatsa piritsi alandire ndi manja awiri, akataye kuseri. Mutu ukawawa amwe paracetamol, ndipo muziwalongedzera botolo la madzi ndi kachakudya, ngakhale mbatata yophika.

Mawa m'mawa kwerani nawo chapa (minibasi) yoyamba kupita kuchipatala, mutenge mapaketi a mankhwala onse amene akhala akumwa, adokotala akaone. Akasanza magazi kapena kukomoka usiku uno, musadikire kuche, dzutsani aliyense amene ali ndi galimoto kapena njinga yamoto.