Kodi ndine ndinachititsa kuti mwana wanga akhale ndi autism?

Mayi wina wanditumizira imelo yomwe yandikhudza kwambiri. Mwana wawo wamwamuna wa zaka zitatu wapezeka ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kalankhulidwe, kacheza ndi khalidwe la mwana. Akamuitana dzina satembenuka, amatha nthawi yaitali akundanda zitsekero za mabotolo pamzere, ndipo wina akasuntha chimodzi amalira osatonthola. Achibale ena akuti wamulakwira ndi katemera, ena akuti mayiwo ankamusiya yekha ali khanda. Panopa mayiwa ndi oyembekezeranso, ndipo afunsa kuti: "Ndinalakwitsa pati, ndipo kodi mwana amene akubwerayu zidzamuchitikiranso?"

Mayi, ndiyambe ndi mlandu umene akukuimbaniwo, chifukwa si watsopano. Dokotala wa matenda a maganizo, Leo Kanner, atafotokoza za autism mu 1943, panabuka maganizo oti limayamba chifukwa cha amayi osasonyeza ana awo chikondi, ndipo amayi ambiri anakhala zaka akudziimba mlandu pachabe. Maganizowa anagwa pamene ofufuza anayamba kuyerekeza mapasa. Mu 1977, Susan Folstein ndi Michael Rutter anaona kuti pakati pa mapasa ochokera ku dzira limodzi, mmodzi akakhala ndi autism, mnzakenso amakhala nayo kawirikawiri kuposa mmene zimakhalira ndi mapasa ochokera ku mazira awiri. Mapasa a mitundu yonse iwiri amaleredwa ndi mayi mmodzi, choncho kusiyanako kunaloza ku zimene mwana amabadwa nazo. Kafukufuku wa mu 2019, amene anatsatira ana oposa 2 miliyoni m'mayiko asanu, anapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a chiopsezochi amachokera ku majini, timalangizo ta mu DNA timene timatsogolera kakulidwe ka thupi ndi ubongo.

Palibe jini imodzi imene tingailoze chala. Majini oposa 100 apezeka kuti amakhudzidwa, ndipo ambiri mwa iwo amagwira ntchito yolumikiza maselo a ubongo mwana akadali m'mimba. Ana ambiri amatengera tizosintha tambirimbiri kuchokera kwa bambo ndi mayi omwe, tosaoneka mwa makolowo koma tokhala ndi mphamvu tikakumana mwa mwana mmodzi. Mwa ana ena, kusinthako kumayambira mwa iwo eni, mu dzira kapena mu mbewu ya bambo, ngakhale kumtundu kulibe wina wotero, ndipo zoterezi zimachuluka bambo akamakula. Palinso ana ochepa amene autism yawo imabwera pamodzi ndi matenda odziwika monga Fragile X, Rett kapena tuberous sclerosis. N'chifukwa chake mawu oti "zachokera kwa akuchikazi" kapena "kwa akuchimuna" ndimawaona kuti amangogawanitsa banja popanda maziko.

Zochitika pa nthawi ya pakati ndi pobereka zili ndi mbali yake, ngakhale ndi yocheperapo. Chiopsezo chimakwera ngati mayi anamwa mankhwala a khunyu otchedwa valproate ali woyembekezera, ngati anadwala rubella (matenda ofanana ndi chikuku), ngati ali ndi matenda a shuga, kapena ngati mwana anabadwa masiku asanakwane kwenikweni kapena anasowa mpweya pobadwa. Zimenezi zimangowonjezera mwayi woti vutoli libwere, ndipo ana ochuluka amene anadutsa m'zoterezi amakula opanda autism. Ndichenjeze pano kuti mayi wodwala khunyu asasiye mankhwala payekha, chifukwa kukomoka kungaike moyo wake ndi wa mwana pangozi. Akambirane ndi dokotala, makamaka asanatenge pakati.

Za katemera ndinena mosabisa mawu. Mphekesera yoti katemera wa chikuku amayambitsa autism inayamba ndi nkhani ya dokotala wina, Andrew Wakefield, ya mu 1998, yofotokoza ana 12 okha, imene magazini ya The Lancet inaichotsa mu 2010, chaka chimenenso iye analandidwa chilolezo cha udokotala ku Britain. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000, ndipo mu 2019 analengeza kuti amene anabayidwa katemera wa chikuku sanapezeke ndi autism kuposa anzawo. Ndimamvetsa chifukwa chake makolo amakayikirabe: zizindikiro zimayamba kuonekera mwana ali ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, msinkhu umene amalandiranso katemerayu. Koma kumana mwana katemera ndi kumupereka ku chikuku, chomwe chimapha.

Ponena za mwana amene mukuyembekezera, kafukufuku wotsatira azing'ono a ana a autism akusonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu amapezeka nayo, ndipo anyamata ndi amene amapezeka nayo kwambiri. Anayi otsalawo sapezeka nayo. Pitirizani sikelo, imwani folic acid monga mwauzidwira, ndipo muwadziwitse azaumoyo za mkulu wakeyo. Akadzabadwa, mudzaonetsetse ngati amatembenuka mukamuitana akamakwanitsa chaka, ngati amaloza chinthu ndi chala kuti inunso muchione, komanso ngati mawu amene anayamba kutchula sakuzimiririka. Mukadzaona chokayikitsa, mudzapemphe kuti amuyeze nthawi yomweyo osadikira kuti akule kaye, popeza thandizo la kalankhulidwe ndi kacheza limagwira bwino likayamba mwana akadali wamng'ono.