Musasankhe pulofesa poyang'ana nambala za pa Google Scholar

Kalata yanu, achemwali, ndaiwerenga katatu. Mukusankha wokuyang'anirani pa PhD, ndipo mwapeza pulofesa wina yemwe ali ndi mapepala a zachipatala komanso a sayansi ya zakuthambo, otchulidwa kambirimbiri, pomwe amene mtima wanu ukufuna nambala zake n'zochepa. Mutsate uti?

Funsoli landigunda pachilonda. Zaka zapitazo ndinapempha ndalama za kafukufuku ku bungwe lina, yankho n'kubwera la mizere itatu: h-index yanga inali yotsika. Ntchitoyo inali ya malungo kumudzi. Ndinkapalasa njinga m'matope nyengo ya dzinja, kukhala pamkeka ndi amayi mpaka dzuwa kupendeka, kulemba tsiku limene mwana anayamba kutentha thupi ndi tsiku limene anafika kuchipatala. Zonsezo anaziyeza ndi nambala imodzi. Ndinatha sabata osayatsa kompyuta. Mayi anga anandifunsa ngati ndadwala, ine kusowa choyankha, chifukwa ungawauze bwanji kuti chakupweteka ndi chiwerengero cha anthu amene anakutchula m'zolemba zawo?

Nambalayi anaiyambitsa Jorge Hirsch, katswiri wa physics ku San Diego, mu 2005. Ikakhala 10, ndiye kuti uli ndi mapepala 10 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 10. Basi. Hirsch mwiniwakeyo anachenjeza kuti ofufuza za zamoyo amakhala ndi nambala zokwera kuposa a physics. Kuzachipatala olemba ndi ochuluka, otchulana ndi ochulukanso. Kuzakuthambo vuto ndi lina: pepala la 2016 lolengeza kuti makina ofufuzira zakuthambo a LIGO apeza mafunde a mphamvu yokoka lili ndi olemba oposa 1,000, ndipo likatchulidwa kamodzi, aliyense mwa iwo amawerengedwa kuti watchulidwa. Kuphatikiza ziwirizi n'kutulutsa nambala imodzi kuli ngati kuthira mtedza ndi chimanga m'thumba limodzi n'kumati mwadziwa mtengo wake.

Ndipotu kutchulidwa si kuyamikiridwa. Pepala la Andrew Wakefield la 1998 lonamizira katemera wa chikuku, magazini ya zachipatala ya The Lancet inalichotsa mu 2010, koma likutchulidwabe, ambiri akulitchula polidzudzula. Kompyuta imangowerenga.

Musandimve molakwa, anthu oyenda m'minda iwiriyi moona mtima alipo. Ronald Bracewell wa ku Australia, amene anaphunzitsa ku Stanford, ankafuna kupanga zithunzi za zakuthambo kuchokera ku mafunde a wailesi, ndipo masamu amene analemba mu 1956 ndi 1967 anathandiza kupanga zithunzi za m'kati mwa thupi pa makina a CT. Koma amene ndimamukumbukira ndikakhumudwa ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg. Maganizo ake a masamu a makina a CT anayambira pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1956. Mapepala ake a 1963 ndi 1964 anangoti zii, pafupifupi osawalabadira aliyense. Mwa ochepa amene anapempha makope a mapepalawo munali ofufuza za kugumuka kwa chipale m'mapiri a Switzerland. Mu 1979 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Godfrey Hounsfield. Bungwe lija likanamuyeza mu 1965, likanamutumiziranso mizere itatu.

Kwathu kuno ndimaganiza za Blantyre Coma Scale ya 1989, ya Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo. Namwino akaigwiritsa ntchito usiku poyeza mwana wakomoka ndi malungo, palibe nambala ya wina imene imakwera. Ine ndafika poti komiti yoweruza munthu ndi h-index ndimaiona kuti ndi yaulesi, ndipo sindibweza mawu. Ngakhale chikalata cha DORA cha 2012, chonena za kayezedwe ka kafukufuku, chinapempha kuti ntchito iziyezedwa poiwerenga, osati poyang'ana kutchuka kwa magazini.

Nanga mutani?

Yambani mwatsimikiza kuti mapepala a pulofesa wotchukayo ndi a munthu mmodzi, poti Google Scholar, tsamba lowerengera kutchulidwa kwa mapepala, imasakaniza mayina ofanana. Onani ORCID yake (nambala yodziwira wofufuza aliyense), ndi mapepala ake pa nkhokwe za pa intaneti: a zachipatala pa PubMed, a zakuthambo pa ADS. Werengani mapepala atatu amene dzina lake lili poyamba kapena pomaliza. Kenako lemberani ophunzira awiri amene anadutsa m'manja mwa aliyense wa mapulofesa awiriwo, muwafunse kuti ankayankha makalata patapita masiku angati.