Mneni aliyense ali ndi mperekezi wake

Mchemwali wina wandilembera imelo sabata yatha. Akufuna kukachita MBA (digiri yachiwiri ya za bizinesi) kunja, wabwereka buku lakale la GMAT, mayeso olowera maphunziro amenewa, ndipo akuti gawo la Sentence Correction, lokonza ziganizo za Chingerezi, likumuzunguza mutu. Galamala amaidziwa, koma akafika posankha pakati pa "regard as" ndi "consider", kapena "forbid to" ndi "prohibit from", amangolota yankho. Akufunsa kuti lamulo lake ndi lotani.

Mchemwali, imelo yanuyi ndaiwerenga katatu, chifukwa funso lomweli ndinalifunsa ine ndili Folomu 3. Ndinalemba chimangirizo chimene ndinkachinyadira kwambiri, ndipo chitabwerako ndinapeza aphunzitsi azunguliza liwu limodzi ndi bolopeni yofiira. Ndinalemba kuti "We discussed about the problem", iwo n'kuzunguliza "about". Pa buleki ndinawatsatira kope lili m'manja, n'kuwafunsa kuti ngati "talked about" ili bwino, "discussed about" yalakwa chiyani? Anayang'ana kopelo, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Eni ake satero." Basi. Ndinabwerera m'kalasi mtima ukuwawa, ndipo kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti bambo aja anandibisira lamulo kapena sankalidziwa n'komwe.

Mu 2019 ndinakumananso ndi chilombo chomwechi pokonzekera GMAT. Nthawi imeneyo gawo la Chingerezi linali ndi mafunso 36 oti uwamalize m'mphindi 65. Mu Sentence Correction ankakupatsa chiganizo chachitali, mbali ina yodulidwa mzere kunsi, ndi mayankho asanu. Ndimakumbukira usiku wina magetsi atazima, ndikuwerengera tochi ya foni. Chiganizo chinkanena za akatswiri a mbiri yakale ndi pangano lina la mtendere, ine n'kusankha "consider the treaty as a failure" mosakayika ngakhale pang'ono. Kumapeto kwa buku yankho linali "consider the treaty a failure", lopanda "as". Funso lotsatira linali ndi "regard", ndinachotsa "as" poganiza kuti ndaphunzirapo, n'kulakwanso. Aneni awiri otanthauza chinthu chimodzi, wina amafuna "as", wina safuna. Ndinatseka bukulo n'kukagona.

Chimene chinanditsegula maso si buku la GMAT ayi, koma Chichewa chathu chomwechi. Kumbukirani zimene tinaphunzira ku pulayimale za misintho ya aneni. Timati kuphika, kuphikira, kuphikitsa. Timati kugwa, kugwera, kugwetsa. Ntchito imene Chingerezi chimapereka kwa timawu ngati "for", "to" ndi "on", ife timaisokerera m'kati mwa mneni mwenimwenimo. Aperekezi athu ndi ochepa, ndipo tanthauzo lawo limaonekera poyera. Ndiye tikafika ku Chingerezi timaganiza kuti mperekezi ndi kaliwu kodziimira pakokha koti tingakasankhe poganizira tanthauzo. Ine ndinalemba "discussed about" chifukwa m'mutu mwanga munali "tinakambirana za vutolo", ndipo "za" uja anafunika pokhala. Mwana akamati "borrow me your pen" sakulakwitsa mwaumbuli, akutsata kubwereka ndi kubwereketsa, omwe kwa ife ndi mneni mmodzi wongosintha kumchira, pomwe Chingerezi chili ndi mawu awiri osafanana n'komwe, "borrow" ndi "lend".

Amene anasankha dzina loti mperekezi anaganiza bwino. Mneni wa Chingerezi ali ngati mlendo woyenda ndi womuperekeza wake, ndipo sungamusinthire. "Prohibit" amayenda ndi "from", "forbid" amayenda ndi "to". "Attribute" amatenga "to", "credit" amatenga "with" ukamanena zimene munthu wachita. "Prefer" amafuna "to", osati "than". Ena amayenda okha, ndipo ukawapatsa wowaperekeza walakwa: "discuss", "request", "emphasise", "comprise". Pali msampha wina apa umene palibe anandiuzapo. Aneni amenewa akasanduka mayina amatenga mperekezi bwinobwino: "a request for", "emphasis on", "a discussion about", zonsezi n'zolondola. Khutu limamva zimenezi, kenaka limanyamula "for" uja kupita naye kwa mneni, ndiye makalata a m'maofesi mwathu adzaza ndi "I write to request for". Taonani nokha mawa kuntchito.

Apa ndiye pamene mtima wanga umatentha. Sindigwirizana ndi anthu amene amaseka anzawo pa Facebook chifukwa cha "cope up with", ngati kuti kulakwitsa mperekezi ndi kupanda nzeru. Munthu amene akudziwa kusiyanitsa kugwera ndi kugwetsa osaganizira n'komwe ali ndi galamala yakuya m'mutu mwake. Komanso sindigwirizana ndi ophunzitsa amene amagawira ana ndandanda ya aneni mazana awiri, mneni uku mperekezi uku, kuti aloweze pamtima ngati matebulo a masamu. Ndinayesa, ndinaloweza, ndipo patatha milungu iwiri zonse zinasakanikirana ngati nyemba ndi nandolo m'lichero limodzi. Liwu lopanda chiganizo silikhazikika m'mutu. Ndipo tsopano ndimavomereza kuti aphunzitsi anga aja ananena zoona. Lamulo palibe, eni ake satero basi. Chimene anasiya n'kundiuza kumene "about" wanga uja anachokera.

Eni akewonso sagwirizana okhaokha. Ife kusukulu tinaphunzira Chingerezi cha ku Britain, kumene amati "write to me" ndi "protest against the law". Ku America ungamve "write me" ndi "protest the law", ndipo palibe amadabwa. Mayeso a GMAT ndi SAT (olowera ku yunivesite) ndi a ku America, choncho khutu lozolowera BBC nthawi zina limakana chinthu chimene mayesowo akuchilola.

Nanga muchite chiyani?

Choyamba, yang'anani chaka cha buku lanulo. Bungwe la GMAC, limene limayendetsa mayesowa, linayambitsa GMAT yatsopano mu Novembala 2023, yakale ija n'kutha kumapeto kwa Januwale 2024, ndipo m'yatsopanoyi Sentence Correction anaichotsamo. Gawo la Chingerezi tsopano lili ndi mafunso 23 m'mphindi 45, okhudza kumvetsa nkhani ndi kusanthula mfundo. Musathere usiku wanu pa mafunso amene simukawapeza. Komabe aneniwa simuwathawa, chifukwa masukulu ambiri akunja adzafuna mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL, kumene mudzalemba nokha ndipo ochonga amaona mmene mawu anu akuyendera limodzi, osanenanso za kalata yofunsira malo.

Gulani kakope kakang'ono. Mukalakwitsa mneni, musalembe mneni ndi mperekezi wake yekha, lembani chiganizo chathunthu chonena za moyo wanu, monga "My father prohibited me from going to the lake", n'kuchiwerenga mokweza mpaka chizolowereke pakamwa. Pambali pake lembani mmene mukananenera m'Chichewa, kuti muone pamene chilankhulo chathu chikukukokerani kwina. Mukakayikira, tsegulani Oxford Advanced Learner's Dictionary, imene imasonyeza mneni aliyense ndi mawu oyenda nawo, ndipo ilipo pa intaneti mwaulere. Aneni asanu pa sabata akukwanirani. Yambani ndi "consider" ndi "regard" amene mwandifunsawo, ndipo mukalemba ziganizo zanu zisanu zoyamba munditumizire ndizione.